Reverb ikazima, musathamangire kutaya thanki

Mukatembenuza ampulifaya yakale ya gitala, kaya ndi Fender Twin Reverb kapena Deluxe Reverb, n'kusuzumira kumbuyo kwake, maso amathamangira pa mavalavu oyaka psuu ndi pa sipika. Ndi ochepa amene amayang'ana pansi penipeni pa bokosilo. Pamenepo pamagona thumba lakuda lalitali, lomangidwa ndi masikuluwu, lotuwa ndi fumbi la zaka zambiri, ndipo m'thumbamo mumatuluka mawaya awiri okwera kumtunda. Mukamasula thumbalo mumapeza kabokosi kachitsulo kotalika masentimita 42 ndi theka, kotseguka mbali imodzi. Mkati mwake muli kathireyi kolendewera pa timasipuling'i tinayi ta m'makona, ndipo pa kathireyiko pali masipuling'i awiri aatali, oonda, amene amangoti njenjenje ngakhale mutangowapumira.

Ndi zokhazo basi. Mulibe valavu, mulibe batire, mulibe cholumikiza ku magetsi a pakhoma. Komatu kabokosi kameneka, kamene oimba ndi amisiri amakatcha thanki ya reverb, ndi kamene kamachititsa kuti gitala yoimbidwa m'kachipinda kothina imveke ngati ili m'holo yaikulu, liwu lililonse likusiya mchira wa mkokomo umene umatha pang'onopang'ono.

Chandilembetsa nkhaniyi n'chakuti mathanki ambiri akale amachotsedwa m'maampu asanafe. Reverb ikangoti zii, mwini ampu amaitanitsa thanki yatsopano, yakaleyo n'kuiponya pa mulu wa zitsulo, chikhalirecho vuto linali kawaya kamodzi kofuna dontho la mtovu, kapena pulagi ya dzimbiri. Ndipo pamene thanki yafadi, ambiri amagula yolakwika chifukwa choyang'ana kutalika kokha. Zimandipweteka, chifukwa thanki ya m'ma 1960 ikapita kudzala palibe fakitale imene idzaipangenso momwe inalili.

Mmene masipuling'i amaimbira

Amene anagogodapo waya woyanikira zovala wokungika bwino akudziwa kale ntchito ya thanki. Mukaumenya kumapeto kuno, kunjenjemera kumathamanga mpaka pa mtengo wa uko, n'kubwerera, n'kupitanso, kumka kucheperachepera mpaka kutha.

M'thanki, kumapeto kulikonse kwa sipuling'i kuli kamaginito kakang'ono kokhala pampata wa timapale tachitsulo topyapyala, ndipo timapaleto tinazengedwa ndi koyilo. Ampu imapatula gawo la mawu a gitala, kulikulitsa, n'kulitumiza ku koyilo ya mbali yolowera. Koyiloyo imapotokola kamaginito uku ndi uku motsatira mawuwo, kamaginito nako n'kumapotokola sipuling'i. Dziwani kuti sipuling'iyo sikokedwa n'kubwerera ngati ya pa mpando wa njinga, imapotokoka. Kupotokokako kukafika mbali yotulukira, zinthu zimachitika mobwerera: kamaginito kogwedezeka kamabala timagetsi tochepetsetsa m'koyilo, ampu n'kutikulitsa, n'kutisakaniza ndi mawu enieni a gitala. Koma si mphamvu yonse imene imatuluka ulendo woyamba. Yambiri imabwerera m'sipuling'i, kupita ndi kubwera kambirimbiri, ndipo mchira uja umachokera pamenepo.

Masipuling'i awiriwo sanapangidwe mofanana, dala, kuti mawu asafike nthawi imodzi. Mukayang'anitsitsa muonanso kuti pakati pa sipuling'i iliyonse pali kachitsulo kolumikiza zidutswa ziwiri. Ena akakaona amayesa kuti wina anakonzapo kale. Ayi, inachoka choncho ku fakitale, ndipo mfundoyo imabweza gawo lina la mawu asanafike kumapeto, mkokomo n'kuchuluka. Chinanso n'chakuti mawu okwera ndi otsika sayenda liwiro limodzi m'sipuling'i. N'chifukwa chake woimba akagwira nsambo ndi chikhatho n'kuikhwatula, pamamveka kamawu kodontha kaja kotsatira pambuyo. Ku holo yeniyeni kamawu kameneko kulibe. Ndi chilema cha sipuling'i, koma chilema chimene oimba anachikonda mpaka opanga mapedo amakono amavutika kuchitsanzira.

Kuchokera pa limba kufika pa gitala

Chipangizochi sichinapangidwire gitala. Laurens Hammond wa ku Chicago anayamba kugulitsa malimba amagetsi mu 1935. Anthu anali atazolowera kumva limba m'tchalitchi, mmene makoma ndi denga zimabweza mawu, ndiye atalitengera kunyumba kwa makapeti ndi makatani linkamveka louma. Hammond anatengera nzeru ku Bell Telephone Laboratories, kumene ankagwiritsa ntchito masipuling'i poyerekezera kuchedwa kwa mawu pa lamya yoimba kutali. Anapempha chiphaso cha umwini wa lusoli mu 1939 ndipo anachilandira mu 1941. Zipangizo zoyambazo zinali zazitali kupitirira mita, masipuling'i ena ali m'mapaipi a mafuta, moti kuzinyamula kupita nazo kudansi kunali kosatheka. Injiniya wa kampaniyo, Alan Young, ndi amene anachepetsa zonsezi n'kukhala kabokosi kotchedwa Type 4, cha m'ma 1960.

Leo Fender wa ku Fullerton, California, sanachedwe. Mu 1961 anatulutsa Reverb Unit, yodziwika ndi nambala ya 6G15, bokosi lapadera lokhala pakati pa gitala ndi ampu, la mabatani atatu: Dwell, Mixer ndi Tone. Chaka chomwecho Ampeg inatulutsa Reverberocket, ampu yokhala ndi reverb mkati. Fender anatsatira mu 1963 ndi Vibroverb, kenako Twin Reverb, Deluxe Reverb ndi Super Reverb. Nyimbo za surf, za Dick Dale ndi magulu ngati The Chantays ndi The Astronauts, zinakula pa mawu amenewa. Mvetserani "Baja" ya The Astronauts ya 1963, mudzakamva kamawu kodontha kaja poyera.

Dzina losindikizidwa pa thanki limakuuzani msinkhu wake. Kuyambira 1964 mathanki ankapangidwa ndi Gibbs, nthambi ya Hammond ku Janesville, Wisconsin. Mu 1971 ntchitoyi inasamukira ku Accutronics ku Geneva, Illinois, ndipo mu 2009 dzina la Accutronics linagulidwa ndi Belton ya ku South Korea. Mukapeza mawu akuti Gibbs pa thanki yanu, igwireni ndi manja awiri.

Okonda reggae ali ndi gawo lawo m'nkhaniyi. King Tubby, dzina lake lenileni Osbourne Ruddock, asanatchuke ndi dub anali wokonza mawailesi ndi ma TV, wokulunga mathiransifoma, ku Waterhouse mumzinda wa Kingston. Mabingu amene amaphulika mwadzidzidzi m'nyimbo zake ankawapanga pomenya chipangizo cha masipuling'i. 

Funsani kaye musanaweruze

Tsono reverb yazima. Yambani ndi zosafuna sikuludiraiva. Pa maampu akale a Fender a njira ziwiri, reverb ili ku njira yolembedwa Vibrato yokha. Mukalowetsa gitala ku Normal simuimva, olo mutapotokola batani mpaka pa 10. Kenako zulani swichi yopondera ndi phazi. Swichi imeneyi imazimitsa reverb poigunditsa ku chitsulo cha ampu, ndiye waya wake akakhudzana mkati, reverb imazimiratu ngakhale zina zonse zili bwino.

Ngati zikadali zii, kwezani batani la reverb mpaka pakati, n'kugwedeza bokosi la ampu pang'ono, pang'ono ndithu. Mukamva chiphokoso cha masipuling'i chikutuluka pa sipika, mwadziwa zambiri nthawi imodzi: koyilo yotulukira ili moyo, waya wobwerera ali bwino, valavu yokulitsa mawu obwerera ikugwira ntchito. Vuto lili ku mbali yotumiza. Mukapanda kumva kanthu, zulani waya wobwerera pa thanki, n'kukhudza nsonga ya pulagi yake ndi chala. Sipika ikang'ung'udza, ampu ilibe mlandu ku mbali imeneyo; yang'anani thanki. Ikakhala chete, kayikirani wayayo kapena valavu.

Mbali yotumiza ili ndi kayesedwe kake kokoma. M'maampu a Fender amenewa, reverb imayendetsedwa ndi valavu ya 12AT7 kudzera m'kathiransifoma kakang'ono kotulutsa pa ma ohm 8, ndiye kuti ndi kaampu kakang'ono kobisala m'kati mwa ampu yaikulu. Mukalumikiza kasipika kalikonse kakang'ono ku waya wopita ku thanki, n'kuimba gitala, muyenera kuimva chapansipansi, mawu ake ali opyapyala chifukwa mawu otsika amadulidwa asanafike pamenepo. Mukaimva, valavu ndi thiransifoma zili bwino. Mukapanda kuimva, sinthani valavuyo. Pa Deluxe Reverb ndi Twin Reverb ndi yachitatu kuchokera kumanja mukaima kumbuyo kwa ampu, ndipo yachinayi, 12AX7, ndi imene imalandira mawu obwerera. Valavu ya 12AT7 imeneyi imasenza ma volt pafupifupi 400, imatentha kwambiri, ndipo imatopa msanga kuposa anzake aang'onowo.

Musaiwale mapulagi. Thanki imalumikizidwa ndi mapulagi a RCA, omwe aja a mawailesi akale, ndipo zaka 50 kapena 60 za chinyontho zimawadetsa. Kuwazula, kuwapukuta ndi mankhwala otsukira polumikizira magetsi, n'kufinya pang'ono timapiko tawo kuti tigwire zolimba, kwadzutsapo reverb yambiri imene inali italiridwa kale maliro. Mawaya awiriwo akasinthanitsidwa, wolowera kupita kotulukira, reverb imamveka yofooka kwambiri kapena osamveka n'komwe. Musanazule chilichonse, mangani kachingwe kapena tepi pa waya mmodzi.

Chenjezo limodzi lokha, koma ndi la moyo. Zonse ndatchulazi zimachitikira kunja kwa chasisi, bokosi lachitsulo losunga ziwalo za magetsi za ampu. M'kati mwa chasisi muli makapasita amene amatha kusunga ma volt oposa 400 ngakhale ampu itazulidwa pakhoma, ndipo magetsi amenewo amapha. Vuto likaloza m'katimo, pitani nayo kwa mmisiri wodziwa maampu a mavalavu.

Thanki pa tebulo

Zimitsani ampu, tulutsani thanki m'thumba, muigoneke chagada pamalo owala. Tengani mita yoyezera magetsi muiike pa ma ohm. Pa thanki ya Fender yakale, pulagi yolowera iyenera kuonetsa pafupifupi ohm 1, yotulukira pafupifupi ma ohm 200. Musadabwe kuti manambalawa sakufanana ndi 8 ndi 2,250 olembedwa m'mabuku. A m'mabukuwo amayezedwa ndi mawu a 1 kHz, pomwe mita yanu ikuyeza waya wa koyilo chabe. Chimene mukufuna kuona n'chakuti njira ndi yolumikizika kapena yaduka.

Ikaonetsa kuti yaduka, musagwe mphwayi. Yang'anani timawaya tiwiri tochokera pa pulagi kupita ku koyilo. Pulagi ili pa kabokosi kakunja kosasuntha, koyilo ili pa kathireyi kolendewera, ndiye nthawi iliyonse ampu ikanyamulidwa, timawayato timapindika pamalo omwewo, pafupi ndi mtovu. Tsiku lina kamodzi kamathothoka, nthawi zina chikopa chake chili chigwirire moti ndi maso simungaone kanthu. Kakokeni pang'ono ndi kopanira. Koduka kamabwera kokha. Nthenda imeneyi ndiyo yofala kwambiri m'mathanki, ndipo mankhwala ake ndi kusenda nsonga n'kumatanso ndi mtovu. Chitani mwachangu, chifukwa chitsulo chowotchera chikakhalitsa chimasungunula pulasitiki ya koyilo. Musakafupikitse kawayako. Kasiyeni kolekerera, kuti kathireyi kazilendewera momasuka; kawaya kokungika kamadutsitsa kugwedera kwa bokosi, ndipo kadzadukanso posachedwa. Mathanki a zaka za pambuyo pake ali ndi kapulagi kapulasitiki pa koyilo m'malo mwa mtovu, nako kamakhwepa, ndipo kukakankhira m'malo kumakwanira.

Kasipuling'i ka m'kona kakachoka, kathireyi kamatsamira pa chitsulo, reverb n'kumamveka yaifupi ndi yogogoda. Kabwezereni pa bowo lake. Sipuling'i yaitali ikavuka pa kambedza kake imakolekedwanso, ndipo kakolekero kakathyoka, mmisiri wa dzanja lofatsa amapinda mkombero womaliza ndi pulayala yosongoka n'kupanga katsopano. Chosayenera ndi kuikoka. Sipuling'i yotamuka sibwerera, ndipo mawu ake amasinthiratu.

Za dzimbiri, mtima wa munthu umafuna kupaka mafuta. Musatero. Mafuta amakola fumbi ndipo amalemeretsa sipuling'i, mchira wa mawu n'kufupika. Dzimbiri lapamwamba lisiyeni, fumbi liuzireni ndi mpweya, ndipo masipuling'iwo musawagwire ndi zala za thukuta.

Thanki imafadi pamene waya wa m'kati mwa koyilo waduka pakati, pamene kawaya kogwira kamaginito kathyokera m'kapaipi kake, kapena pamene dzimbiri ladya sipuling'i mpaka kuidula. Ngakhale pa koyilo yoduka, tengani kaye galasi lokulitsira zinthu muone pamene waya woondawo umakumana ndi kamwendo kake, chifukwa ukadukira pamenepo umamatika.

Zilembo 7 zosayenera kuphonya

Thanki yatsopano sigulidwa ndi maso. Pa thanki za Accutronics ndi zina zotsatira dongosolo lake pali nambala ya zilembo 7, ndipo yolowa m'malo mwa thanki ya Twin Reverb kapena Deluxe Reverb yakale ndi 4AB3C1B. Chilembo chilichonse chili ndi nkhani yake.

Nambala yoyamba ndi mtundu. Type 4 ndi yaitali ija ya masipuling'i awiri. Type 9 ndi yaitali chimodzimodzi koma ya masipuling'i atatu. Type 8 ndi yaifupi, masentimita 23 ndi theka, ya masipuling'i atatu. Chilembo chachiwiri ndicho chogwetsa anthu ambiri, chifukwa chimanena za koyilo yolowera. Pa Type 4, A ndi ma ohm 8, E ndi 600, F ndi 1,475. Taonani chitsanzo: Fender Hot Rod Deluxe, ampu ya m'ma 1990, imagwiritsa ntchito 4EB3C1B. Kampani ndi yomweyo, kutalika n'komweko, mabowo ndi omwewo, chasiyana ndi chilembo chimodzi. Koma mu Hot Rod Deluxe reverb imayendetsedwa ndi kachipangizo kamagetsi kotchedwa IC, osati valavu ndi thiransifoma. Mukaika thanki ya E mu Twin Reverb yakale, reverb imangomveka ngati kunong'ona. Mukaika ya A mu ampu ya ka IC, mukukasenzetsa katundu woposa msinkhu wake, mawu amasweka ndipo kakhoza kupsa. Ngati nambala inafufutika, mita ikuthandizani: pafupifupi ohm 1 ndi A, pafupifupi 60 ndi E.

Chilembo chachitatu ndi koyilo yotulukira, ndipo B, ma ohm 2,250, ndiye wofala. Nambala yachinayi ndi kutalika kwa mchira: 1 ndi masekondi 1.2 mpaka 2, 2 ndi 1.75 mpaka 3, 3 ndi 2.75 mpaka 4. Apa pokha ndi pamene muli ndi ufulu wosankha ndi khutu. Woimba nyimbo zothamanga, za nsambo zodumphadumpha, amaona kuti mchira wa 3 umaphimba manoti, ndipo wa 2 umamumasula popanda kuwononga kanthu mu ampu.

Chilembo chachisanu chimanena ngati mapulagi agunda chitsulo cha thanki kapena atchingidwa. C ndiye kuti wolowera watchingidwa, wotulukira wagunda. Mukaphonya apa mumapeza kung'ung'udza kosatha, ndipo m'maampu ena a matransista, kugunditsa mbali yolowera kumazimitsiratu reverb. Nambala yachisanu ndi chimodzi, 1, ikutanthauza kuti palibe loko womangira masipuling'i. Chilembo chomaliza anthu amachinyoza, komatu n'chofunika: chimanena mmene thanki idzakhalire. A ndi yogona chagada, B yogona chafufumimba, C ndi D ndi zomangidwa pa khoma la bokosi mapulagi atayang'ana kumwamba kapena pansi. Ku fakitale timaginito timaikidwa moti masipuling'i akalendewera mbali yoyenerayo, tikhale pakati penipeni pa mpata wake. Thanki ya B mukaimanga pa khoma imagwira ntchito, koma timaginito timapendekeka, mawu n'kuchepa kapena kusweka. N'chifukwa chake Reverb Unit, imene thanki yake imakhala pa khoma, imafuna 4AB3C1C.

Ngakhale zilembo zonse zitagwirizana, yembekezani kuti mawu asiyanako. Mathanki opangidwa lero, a Accutronics ya Belton, a MOD kapena a TAD, ndi abwino ndipo mtengo wake si woboola m'thumba poyerekeza ndi ampu yeniyeniyo, koma oimba ambiri amati ena mwa iwo ali ndi mchira wautali ndi mawu olemera kuposa akale. Ngakhale mathanki awiri a fakitale imodzi salira chimodzimodzi. Reverb ikachuluka moti pa 2 mwamira kale, amisiri ena amaika valavu ya 12AU7 m'malo mwa 12AT7 kuti thanki isamenyedwe kwambiri. Ndipo yakale ija, ngakhale itafa, ikulungeni muisunge. Ogula maampu akale amafunsa ngati ziwalo zake ndi za chibadwire, komanso koyilo yake yamoyo kapena sipuling'i yake ingadzapulumutse thanki ina.

Kuibwezera m'malo

Poika thanki, mbali yolembedwa kuti ndi yotulukira ikhale kutali ndi thiransifoma yaikulu ya magetsi. Koyilo yotulukira imatola chilichonse cha maginito chimene chili pafupi, ndipo ikayandikira thiransifoma mumamva kung'ung'udza kokwera pamene mukukweza batani la reverb. Kungotembenuza thanki kumathetsa vutoli nthawi zambiri.

Chikatoni chimene mumachipeza pansi pa thanki m'thumba si zinyalala. Chimatseka mbali yotsegukayo kuti thumba lisakhudze masipuling'i. Thumbalo nalo lili ndi ntchito yotchinga thanki ku mphepo ya sipika, imene ili pafupi kwambiri. Popanda ilo, sipika imagwedeza masipuling'i, masipuling'i n'kutumiza mawu ku sipika, mpaka ampu imayamba kufuula yokha. Masikuluwu abowole thumba lokha, ndipo musamange mpaka thanki kukanikizika. M'maampu amene thanki imamangidwa mwachindunji, timalabala ta m'mabowo tisaphwanyike ndi kumanga; tikauma ndi ukalamba tisintheni. Ngati kufuula kukupitirira, kachidutswa ka siponji yolimba komatidwa pamsana pa kabokosi kamaletsa chitsulocho kulira.

Kwa amene ali ndi ampu yotere kuno kwathu pali zina zowonjezera. Maampu opangidwira msika wa ku America amafuna ma volt pafupifupi 120, pomwe magetsi athu ndi 230, ndiye pamafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu. Anthu amakonda kuiika pansi, kumbuyo kwenikweni kwa ampu, kapena m'kati mwa bokosi momwemo, pambali pa thumba lija. Pamenepo ndiye kuti yagundana mphuno ndi koyilo yotulukira, ndipo kung'ung'udza kumene kumatsatira kumanamizira thanki yosalakwa. Isunthireni kutali ndi mita imodzi kapena kuposerapo, mumve kusintha.

Nyengo ya dzinja, makamaka m'madera a m'mphepete mwa nyanja, ampu isagone pa simenti. Ikhale pa thabwa kapena pa tebulo, ndipo iziyatsidwa kawirikawiri kuti kutentha kwa mavalavu kuumitse m'bokosimo. Pa ulendo, Reverb Unit ya Fender ili ndi kachitsulo kokanikizira thanki kuti masipuling'i asavine m'njira, koma maampu enawa alibe. Pa msewu wa mabampu, ampu iyende choimirira, itakhala pa matiresi kapena pa siponji, yomangidwa kuti isadumphe. Ulendo ukakhala wautali, tulutsani thanki, lowetsani siponji yofewa pakati pa masipuling'i ndi kabokosi, ndipo mukafika muichotse musanalumikize mawaya.